Nsapato Pakhomo pa Mzikiti

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaponda koyamba m'tawuni ya Mangochi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditavala diresi lachikasu limene mayi anandisokera pamanja, lothina m'khwapa moti ndinkayenda manja ali tang'a. Tsiku limenelo ndinaona nyumba zonse zakale zimene alendo amadzera kutali kudzaona. Ndinaziona zonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mpaka lero ndikanakonda ndikanapanda kuona ngakhale imodzi.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale ku Chowe, kumapiri kuja, koma kwawo kunali ku Ntcheu. Boma ndilo linawaponya kuno akadali mnyamata. Anali munthu wofatsa, sanandikwapulepo ngakhale ndi kamtengo ka tsache. Koma pakamwa, abale inu! Akangoona khoma la njerwa zakale ankaima, manja kumbuyo, n'kuyamba kukuuza amene analimanga, kumene anaumba njerwazo ndi chimene ankadya omangawo. Ana asukulu ankawatcha a Kalekale, iwo n'kumasangalala nalo dzinalo.

Mayi anga anabadwira kwa Mponda, pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja. Anali mwana wa Che Saidi, mwalimu wa pamzikiti, wophunzitsa ana Korani. Dzina lawo lobadwa nalo linali Asiyatu, la Agnesi analipeza pa ubatizo atakwatiwa ndi bambo. Agogo ukwatiwo anaukana kwamtuwagalu. Tsiku limene bambo anapita kukadzionetsa, agogo anawapirikitsa pamaso pa mudzi wonse, akukuwa kuti wodya nkhumba sangakhale mkamwini wawo. Mayi anasankha mwamuna, agogo n'kulengeza kuti iwo alibenso mwana wamkazi. Ine ndinabadwa, ndinamera mano, manowo n'kuguluka ena n'kumera, agogo anga osandionapo. Mayi sankaikamba nkhaniyi, koma Lachisanu lililonse masana ankangoti zii, ntchito ili m'manja osaigwira.

Uthenga unabwera ndi Che Bwanali, munthu wa kwa Mponda komweko amene ankakwera ku Chowe panjinga kudzagulitsa usipa wouma. Anaimika njinga pakhomo pathu, osatsitsa dengu.

"Che Saidi adwala, sakudzukanso," anatero. "Akuti Asiyatu abwere. Abwere ndi mwamuna wakeyo, ndi mwana yemwe. Asabwere yekha."

Mayi anakhala pansi pomwepo, padothi.

"Anditchula dzina?"

"Akutchulani. Ndamva ndi makutu angawa."

Sindinawaonepo mayi akuseka ndi kulira nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kukafika bambo awo akadali ndi mpweya, n'kumva ndi makutu awo zimene anawaitanira. Ankafuna kunyamuka m'mawa mwake. Koma masiku amenewo, a chipani chimodzi, mphunzitsi sankangochoka pasukulu mwachisawawa. Ukasowa pakati pa sabata anthu ankafunsana kuti wapita kuti, kukaonana ndi yani, ndipo mafunso otero ankatha kukuthera ntchito, pena ndi ufulu womwe. Bambo anati tidikire Loweruka. Pamenepo sindiwanena, anali ndi chifukwa.

Loweruka tinakwera lole ya chimanga kusanache bwino, n'kutsika chitunda chokhotakhota chija ine nditagwira mwendo wa mayi. Pamlatho wa Shire tinapeza anyamata achipani akuona makadi. Mayi anamasula yawo pamfundo ya chitenje, bambo anatulutsa yawo m'jekete, tinaoloka. Dzuwa linali litangotuluka kumene. Kuchoka pamenepo kukafika kwa Mponda ndi mtunda woti munthu angayende phala lisanazizire kwenikweni, akakhala wofulumira.

Koma ukangooloka mlatho uja, chinthu choyamba kukumana nacho ndi nsanja ya wotchi, ya njerwa zofiira, imene azungu anamanga pokumbukira mfumukazi yawo. Bambo anaima.

"Mayi a Malita, mwanayu sanaionepo nsanja iyi. Pang'ono pokha."

Malita ndine. Ndipo kunena zoona ndinakondwa, nanga mwana wa kumapiri ndinali nditaonapo chinthu chachitali chotero chomangidwa ndi anthu? Bambo anandizunguza mbali zonse, kundionetsa mmene njerwa zinalumikizirana. Kenaka anandinyamula kundikhazika pa mfuti yaikulu yachitsulo ili pomwepo, imene inachokera m'sitima yankhondo ya panyanja. Anandiwerengeranso mawu olembedwa pachitsulo pokumbukira anthu amene anamira ndi sitima ina, akumatanthauzira liwu ndi liwu. Mayi anaima pamthunzi chapatali, phukusi lili pamutu. Sanalitule.

Titachoka pamenepo sitinalowere njira ya kwa Mponda. Bambo anati manda a azungu ali pafupi, kungodutsa chabe. Anali manda osesedwa bwino kuposa bwalo la sukulu yathu, miyala yoyera itandandalika m'mizere. Bambo anawerama pa mwala uliwonse, kuwerenga dzina, kundiuza kuti uyu anali msilikali, uyu anafa ndi malungo akadali mwana.

"Bambo a Malita," mayi anayankhula ali pachipata, "awa anafa kale. Sathawa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," bambo anatero. "M'mawa muno wodwala amakhala akumusambitsa, kumumwetsa phala. Tikawapeze atapeza timphamvu."

Ankanena akupukuta thukuta m'khosi, koma kunja kusanatenthe. Tayi anali ataimanga n'kuimasula kangapo. Pa msinkhu umenewo sindinadziwe chimene ndinkaona, koma lero ndikuchidziwa: bambo ankachita mantha. Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a anthu, ankaopa kukaima pakhomo pamene anamupirikitsa ngati galu woba mazira. Ndipo mayi sakanatha kuwasiya n'kupita okha, poti uthenga unati asabwere yekha. Akanafika okha, mudzi ukanati mkamwini wanyoza kuitana kwa wodwala, chilonda chija n'kuyambiranso.

Kuchoka kumanda tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene kale inali kalabu ya azungu. Munali mabwato, mikondo, zitsulo za m'sitima, chiwongolero chimene bambo anandigwiritsa. Anapeza mlonda wokonda nkhani ngati iwo, ndiye mudziwa mmene zimakhalira awiri otero akakumana. Ine ndinayamba kumva njala. Mayi anakhala pakhonde panja, maso ali kumsewu. Titatuluka, mthunzi unali utabwerera pansi pa mapazi.

"Tsopano tiyeni," bambo anatero.

"Tiyeni tiyeni sachoka," mayi anayankha osawayang'ana.

Komabe panatsala msika, poti kwa apongozi sufika chimanjamanja. Bambo anagula shuga ndi masamba a tiyi. Kenaka anaima pa sitolo ya nsalu n'kuloza mpukutu woyera, ati agogo akasoketse mkanjo. Mayi anawagwira mkono mwamphamvu.

"Nsalu yoyera kwa wodwala? Mukufuna anene kuti tabwera ndi sanda?"

Sanda ndi nsalu imene Asilamu amakulungira maliro. Bambo sankadziwa. Anakhala zaka zonsezo pakati pa anthu amenewa, akudziwa chaka chimene nsanja inamangidwa, koma za apongozi awo sankadziwa kanthu. Anachita manyazi, n'kugula sopo m'malo mwake.

Mayi atapita kuseri kukandigulira zitumbuwa, anatulukira Che Bwanali panjinga, wopanda dengu, thukuta lili kamukamu. Anakokera bambo pambali n'kuwanong'oneza, dzanja likuloza kumpoto. Sindinamve mawu ake. Ndinangoona bambo akuvula chipewa, n'kuchivalanso. Che Bwanali anakwera njinga n'kubwerera mothamanga. Mayi pobwera anaona msana wake wokha.

"Si Che Bwanali awo? Akuti chiyani?"

"Amangopereka moni," bambo anatero.

Tinayamba ulendo wa kwa Mponda dzuwa lili paliwombo. Mchenga unkaotcha kudutsa m'nsapato zanga za pulasitiki. Tinadutsa milambe ndi migwalangwa, mbuzi zitagona m'mithunzi ya nyumba. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo bambo anali chete, ndipo ankatsalira m'mbuyo. Mayi anali patsogolo, akutembenuka kawirikawiri kutidikira.

Usanalowe m'mudzi mwenimweni pali tchalitchi chakale cha amishoni, cha njerwa, mawindo ake aatali ndi opapatiza. Bambo anaimanso. Mayi anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma bambo anawatsogolera.

"Tilowe tipemphere kaye."

Pemphero ungalikane bwanji? Tinalowa. Mkati munali mozizira, mukununkha mileme ndi makandulo akale. Bambo anawakhazika mayi pabenchi, iwo n'kukhala pambali pawo, chinthu chimene sankachita ngakhale kutchalitchi kwathu, kumene amuna ndi akazi ankakhala mbali zosiyana. Anawagwira dzanja.

"Mayi a Malita," anatero.

Mayi anadikira. Bambo anayang'ana pansi, kenaka anakweza maso kudenga. Ndipo, kalanga ine, anayamba kukamba za mitanda ya denga! Ati mitengo imeneyo anthu anaisenza pamapewa kuchokera kumapiri, ati njerwa zinaotchedwa pomwepo, ati onani mmene khomo analipindira pamwamba popanda chitsulo. Sankaleka. Akafika pothera ankati "Mayi a Malita" kachiwiri, n'kuthawiranso ku mawindo. Mayi anachotsa dzanja lawo, anagwada, n'kuyamba kupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Ndinasendera pafupi ndipo ndinamva kuti mawuwo sanali a m'buku la kutchalitchi. Anali a Chiarabu, amene bambo awo anawaphunzitsa ali mwana. Tinakhalitsa m'menemo mpaka ine ndinawodzera, mutu uli pa phukusi.

Chinandidzutsa ndi mawu a munthu woitanira swala, pemphero la Asilamu, akuchokera m'mudzi. Mayi anali ataimirira kale.

"Imeneyo ndi ya alasiri. Dzuwa lapendeka. Ine ndapita, mukafuna munditsate."

Anayenda mothamanga, ine ndikuwathamangira pambuyo, bambo pambuyo panga. Njira ya kunyumba kwa agogo inkadutsa pamzikiti. Unali wopaka laimu, zitseko zobiriwira, kansanja kake kali ndi kamwezi pamwamba. Ndinamva bambo kumbuyo akuti, "Malita, taona, mzikiti uwu..." Kaya chinali chizolowezi, kaya ankafuna kutiimitsanso, sindidziwa. Mayi anali ataima kale okha.

Ankayang'ana nsapato. Zinadzaza pakhomo, kutsika masitepe onse, n'kumwazikira pamchenga: mapatapata, nkhwaila za matayala, nsapato zachikopa za anthu a m'tawuni. Kumbali kunali njinga zambirimbiri zitatsamirana pamtengo.

"Lero si Lachisanu," mayi anatero, motsitsa mawu. "Anthu onsewa adzatani Loweruka?"

Zitseko zinatseguka, amuna ovala mikanjo anayamba kutuluka akufunafuna nsapato ndi mapazi, osayang'ana pansi. Pakati pawo panatuluka jeneza, chonyamulira maliro chija, chitafundidwa nsalu yobiriwira, chili pamapewa. Ankayimba motsitsa, mawu amodzimodzi obwerezabwereza, akuyenda mofulumira. Kutsogolo kunali munthu wamtali wofanana nkhope ndi mayi, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi amalume anga, Che Yusufu.

Phukusi linagwa, shuga n'kutayikira mumchenga.

"Baba! Baba ine!"

Mayi anathamangira jeneza, koma amayi awiri amene anali kuseri kwa mpanda anawagwira m'chiuno asanafike. Amalume anapereka phewa lawo kwa munthu wina n'kubwera. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Asiyatu, munali kuti? Anthu anakuonani m'mawa pansanja paja, tinawauza Baba kuti mwafika. Anati tiwatembenuze ayang'ane kukhomo. Anayang'ana kukhomo mpaka dzuwa lili apa." Analoza m'mwamba, ndipo ine ndinazindikira kuti nthawi imeneyo ndinali nditagwira chiwongolero cha sitima. "Tinatuma Bwanali kuti mufulumire, muwaone nkhope tisanawakulunge. Tikanawaika pa swala ya masana, koma tinaidumphitsa chifukwa cha inu. Kupitirira apa sitingathe."

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana bambo.

"Munadziwa?"

"Kumsika kuja," bambo anatero, chipewa chili m'manja. "Anati tifulumire, inde. Koma ine ndimati maliro agona. Kwathu maliro amagona, amadikira abale. Ndimati ndikuuzeni pang'onopang'ono, m'tchalitchi muja, musagwere pamsewu. Ndimati nkhope mukaiona mawa."

Ankanena zoona, ndicho chimandipweteka. Ku Ntcheu mwana wa malemu akakhala kutali, maliro amamudikira, anthu n'kugona pasiwa akuyimba. Kwa Mponda munthu akapuma m'mawa, dzuwa sililowa asanaikidwe. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa zimenezo, ndipo mayi akanawauza ndi mawu awiri okha, bambo akanangotsegula pakamwa kumsika kuja.

Jeneza silinadikire. Ndipo kumanda kwa Asilamu akazi sapita. Amayi aja anawakokera mayi kunyumba ya maliro, miyendo ikukwekwereza mumchenga, ine nditagwira nsonga ya chitenje chawo. Amalume anayang'ana bambo, jekete ndi tayi yawo ija, n'kunena kuti, "Inu ndinu mwamuna. Tiyeni." Motero munthu amene agogo anamupirikitsa ndiye anakaponya dothi m'manda mwawo, mwana wawo wobereka atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pakati pa akazi amene theka la iwo sankamuyankhula.

Amuna atabwerako, mayi anadzuka kukakumana ndi bambo pabwalo. Nsapato za bambo zinali mbuu ndi dothi.

"Mwawaika bwanji? Ndiuzeni zonse."

Bambo anayesa. Anati manda ndi akuya, anati pali mtengo pafupi. Mtengo wanji? Sanauone bwino. Anawagoneka chotani? Panali anthu ambiri kutsogolo. Munthu amene akanatha kukamba za khoma limodzi mpaka iwe kugona, analephera kufotokoza dzenje limodzi. Anangoima akulira ngati mwana, ndipo ine ndinachita mantha chifukwa ndinali ndisanaonepo bambo akulira.

Mayi anawasiya n'kupita kwa amalume.

"Achimwene, anandiitanira chiyani? Ananena kuti chiyani za ine?"

"Tinawafunsa," amalume anatero. "Anati ndikamuuza ndekha akabwera."

"Basi?"

"Basi."

"Nanga nkhope yawo inali yotani ponena zimenezo? Anali okwiya?"

"Anali odwala, Asiyatu. Nkhope ya wodwala."

Tinabwerera ku Chowe patapita masiku owerengeka. Ukwati sunathe, ngakhale ena ankayembekezera kuti utha. Mayi anapitiriza kuphika, kuchapa malaya a bambo, kubereka azing'ono anga. Sanawatukwane, sanawanene kwa anthu. Koma kuseka kwawo kuja kunapita, ndipo m'nyumba mwathu munalowa ulemu wozizira, wonga wa anthu ongokumana pa basi. Bambo analeka zokamba za nyumba zakale. Ana asukulu a pambuyo pake sankadziwa n'komwe chifukwa chimene akuluakulu ankawatchulira a Kalekale. Bambo ankapepesa kawirikawiri, pena popanda chiyambi, ali pakati pa kudya. Tsiku lina, ndili kale ku sekondale, ndinamva mayi akuwayankha.

"Ndinakukhululukirani kale, bambo a Malita, lekani. Inu kukhululukako mwakumva ndi makutu anu. Nanga ine ndikakumve kuti?"

Ndakula tsopano, ndapitirira msinkhu umene bambo anali nawo tsiku lija, ndipo ndayesa kuwada koma zimakanika. Sanali munthu woipa. Anali wamantha, ndipo mantha awo ankaoneka ngati kufatsa, mwina ngati kukonda maphunziro, moti ngakhale iwo eni ankakhulupirira kuti akuchita zabwino. M'mawa anaopa apongozi amoyo, masana anaopa misozi ya mkazi wawo, ndipo nthawi zonse ziwiri panapezeka nyumba yakale yoti abisalemo. Ndinaphunzira kuti munthu akhoza kukulanda chinthu chachikulu popanda kukukweza mawu, akukugwira dzanja mwachikondi. Ndinaphunziranso kuti si zonse zimakonzeka. Anthu amakonda kunena kuti nthawi imapoletsa, koma ine ndinakhala ndi mayi anga mpaka tsitsi lawo lonse litayera, ndipo sindinaone chikupola.

Bambo anatsogola. Mayi anakhala nane zaka zawo zomaliza, maso atachita khungu, zambiri ataiwala. Ankaiwala ngati adya, ankasokoneza mayina a zidzukulu. Koma masana ena, ndikuwapesa tsitsi pakhonde, ankandigwira dzanja n'kufunsa funso lomwe lija.

"Malita, iwe ukuganiza kuti ankafuna kundiuza chiyani?"

Ine ndinkayankha zimene mwana aliyense angayankhe. Ndinkati ankafuna kukukhululukirani, amayi, nanga munthu angaitanitse mdzukulu kuti adzamutemberere?

Ankakhala ngati akulawa mawuwo. Kenaka ankapukusa mutu.

"Iwe sunawadziwe."